Tasunthani Pang'ono, Sekuru

Mtsikana wogulitsa nyumba anabwera Lachiwiri,
nsapato zake zikugogoda simenti ngati mbuzi pa mlatho.
Anandiuza mwaulemu ndithu:
Sekuru, tasunthani pang'ono, mukulowa m'chithunzi.
Ndinasuntha, payipi ili m'manja,
madzi akulondola mapazi anga.

Akuti alemba kuti kuno ku Mount Pleasant n'kwabata,
kuti mjigo wa pano suphwa ngakhale mu Okutobala,
kuti magetsi akathima denga limakama dzuwa
firiji osadziwa n'komwe kuti kunja kwada,
kuti yunivesite ili pafupi, ulendo wa ndudu imodzi.
Sananame.
Ine Damiyano Chikakuda ndine mboni,
zaka makumi atatu ndi ziwiri
ndikusesa maluwa a jakaranda pakhomo lomweli,
m'mawa kuwunjika, madzulo agwanso ena.

Kuno ngakhale agalu ali ndi dokotala wawo.
Dziwe la kuseri ndimalithira mankhwala Lolemba lililonse
koma wosambamo ndi chule yekha
chichokereni ana a Pulofesa Gwatidzo kupita kunja.
Tsopano awaitana makolo awo.
Mabuku alowa kale m'makatoni,
pakhoma patsala mabala oyera pomwe panali zithunzi.

Ana a sukulu amadutsa mbandakucha,
zikwama kumsana, milomo yotuwa.
Tsidya la msewu amagona asanu ndi atatu
m'chipinda chomwe kale munkagona galimoto imodzi.
Amandipempha mapeyala pamwamba pa mpanda,
ine n'kuponya, waya wamagetsi akung'ung'udza pakati pathu.
Mmodzi mwa iwo ndi Lonjezo, mdzukulu wanga,
akuphunzira zamalamulo.
Akakhala ndi anzake amandipatsa moni m'Chishona,
akakhala yekha amati agogo, mwadzuka bwanji,
nanga bondo lija?
Sindimudandaula. Nanenso ndinachitapo zotero.

Bambo anga anatsika sitima mumzinda uno
usanasinthe dzina,
atanyamula bulangete, lumo
ndi keyala yolakwika ya mlamu wawo wa ku Ntcheu.
Anati akhala zaka ziwiri, agule njinga, abwerere.
Agona ku manda a kuno,
njinga ija ndi yomwe ndimapalasa ine.

Loweruka ndimaimangirira zigubu ziwiri
ulendo wa ku Dzivarasekwa
komwe mpopi umangotsokomola mphepo.
Madzi omwe kapinga wa bwana amamwa tsiku limodzi
mayi a kunyumba amawatambasula mpaka Lachinayi:
oyamba kuphikira, otsala kutsukira mbale,
otsalanso kuthira pa rape wa m'matayala.
Mukandifunsa ngati kuno n'kokoma kukhala
ndiyankha kuti eya, kwambiri,
mpweya wake umanunkhira mandimu ndi dothi lonyowa,
usiku umamva kadzidzi, osati mabotolo akusweka.
Kungoti funsolo
sanandifunsepo munthu.

Dzulo kunabwera wogula, wamimba yake, makiyi akulira m'thumba.
Maluwa sanawayang'ane.
Analunjika kuseri, ku kachipinda kanga,
natambasula tepi kuchokera pa bedi mpaka pa zenera,
akuwerenga chamumtima ngati wogula mbuzi.
Muno, akuti, mulowa mabedi anayi osanjikiza,
ana a sukulu salephera kulipira.
Tepiyo anandigwiritsa ine mbali imodzi.
Ndinagwira bwinobwino, osapotoza.

Madzulo Lonjezo anandionetsa chithunzi chija pa foni.
Nyumba yayera mbuu, kapinga wabiriwira
ngati amadzithirira yekha.
Koma pansi, chakumanzere,
pomwe mtsikana uja sanayang'anitsitse,
pali mthunzi wa chipewa changa
ndi mapazi anayi onyowa pa simenti.

Ndamuuza mwanayo andisungire.
Mawa ndidzuka folo koloko monga mwa masiku onse;
mbande za tomato zija ndinafesa mwezi watha
zafika poti n'kuwokera,
ndipo sizikudziwa kuti nyumba yagulidwa.